Utolankhani ndi ntchito yamanja, makoleji a m'madera auphunzitse

Koleji ya m'dera ndi sukulu imene imalandira munthu amene wamaliza sekondale, kapena wamkulu amene akufuna kubwerera m'kalasi, n'kumuphunzitsa luso kwa chaka chimodzi kapena ziwiri pa mtengo wotsika. Imakhala kufupi ndi kwawo kwa wophunzirayo, moti angathe kugona pakhomo pa makolo ake n'kumalawirira kusukulu m'mawa. Sukulu zamtunduwu zinakhwimira ku America. Yoyamba ya boma imene ikadalipo mpaka lero ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, yomwe inatsegulidwa mu 1901 ndi ophunzira 6 okha. Mu 1947, bungwe limene Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa kuti liunike maphunziro apamwamba linalimbikitsa kuti makoleji otere afalikire m'dziko lonselo, ndipo lero alipo pafupifupi 1,000. Ambiri mwa iwo sasankha ophunzira potengera kukhoza bwino mayeso: aliyense amene ali ndi satifiketi ya sekondale amaloledwa kulowa, ndipo akamaliza zaka ziwiri angathe kukayamba ntchito kapena kukapitiriza ku yunivesite osayambiranso pachiyambi.

Pakati pa maphunziro amene amapezeka m'makoleji amenewa pali utolankhani, kuulutsa mawu ndi kukonza mapulogalamu a wailesi ndi kanema. Wophunzira amaphunzira kulemba nkhani, kufunsa mafunso, kujambula mawu ndi zithunzi, ndi kudula zimene wajambulazo pa kompyuta mpaka zikhale zoti anthu n'kumvera. Makoleji ambiri ali ndi nyuzipepala yolembedwa ndi ophunzira, ndipo ena ali ndi wailesi zenizeni: chiphaso cha wailesi ya KCRW ku California chili m'manja mwa Santa Monica College, ndipo cha KPCC chili m'manja mwa Pasadena City College. Chofunika kuona apa ndi chakuti kumeneko ntchito yofalitsa nkhani imaphunzitsidwa pa sukulu imodzimodzi ndi unamwino, zamagetsi ndi kuwotcherera zitsulo, ndipo palibe amene amaona ngati yanyozeka chifukwa cha zimenezo.

Dziko la Malawi lili ndi makoleji a m'madera akeake, ngakhale kuti kamangidwe kake n'kosiyana. Mu 2015, Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa ndondomeko ya makoleji ophunzitsa ntchito zamanja m'maboma pa mwambo umene unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, ndi cholinga choti boma lililonse likhale ndi koleji yake, kuwonjezera pa makoleji akale monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia. Maluso amene makolejiwa amadziwika nawo ndi kumanga nyumba, ukalipentala, kusoka, kuwotcherera, kukonza njinga zamoto ndi zamagetsi, ndipo amatsatira ndondomeko za bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Utolankhani ndi ntchito ya pawailesi sizinakhalepo pakati pa maluso otchuka m'makolejiwa. Apa ndi pamene pali cholakwika chachikulu, chifukwa maboma omwewo amene ali ndi makoleji ali ndi wailesi za m'madera zimene zikusowa anthu ophunzitsidwa, ndipo nyumba ziwirizi zayandikana popanda kudziwana.

Chimene chachititsa zimenezi ndi maganizo akuti utolankhani ndi ntchito ya anthu ovala jekete, yoyenera kuphunziridwa ku sukulu yaukachenjede yokha. Maganizowa ndi olakwika kuyambira pa tsinde. Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi lamanja ndi lamakutu. Munthu ayenera kudziwa kutalika kumene maikolofoni iyenera kukhala kuchokera pakamwa pa wolankhula, kutembenukira kumene mphepo sikuwomba akamajambula mawu kunyanja, kuchepetsa phokoso la chigayo limene lalowerera m'mawu a mfumu, ndi kudula zokamba za mphindi 20 kuti zitsale masekondi 40 popanda kupotoza tanthauzo. Ayenera kudziwa kulemba chiganizo chimene womvera angachimve kamodzi n'kuchigwira, popeza pa wailesi palibe kubwerera m'mbuyo ngati pa tsamba la nyuzipepala. Zinthu zimenezi siziloweka pomvera mphunzitsi akulankhula. Monga mmene kalipentala saphunzira kupala thabwa powerenga za matabwa, mtolankhani amaphunzira polemba nkhani, mkonzi n'kuibweza, iye n'kuilembanso, tsiku ndi tsiku mpaka dzanja lizolowere. Kaphunzitsidwe ka makoleji a ntchito zamanja, kamene kamaika wophunzira nthawi yaitali pa ntchito yeniyeni ndi kumuyesa potengera chimene wapanga, kakugwirizana kwambiri ndi luso limeneli.

Sukulu zophunzitsa utolankhani zilipo m'dziko muno, ndipo zatulutsa anthu aluso. Pali MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic mpaka pamene makoleji a University of Malawi anapatukana mu 2021. Pali University of Malawi ku Zomba, yomwe ili ndi wailesi ya Chanco. Pali Malawi Institute of Journalism, imene ili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndiponso wailesi yakeyake. Pali African Bible College ku Lilongwe ndi zina zoyima pazokha. Zonsezi zili m'mizinda. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Mtsikana wa ku Chitipa kapena mnyamata wa ku Nsanje amene akufuna kuphunzira ntchitoyi ayenera kupeza fizi, thiransipoti, lendi ndi chakudya cha m'tauni, ndipo polowera ku yunivesite afunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Ambiri amagwa pa mpanda woyamba wa ndalama. Ochepa amene amaoloka kawirikawiri sabwerera, chifukwa munthu amene banja lake lagulitsa ziweto kuti aphunzire amafuna malipiro amene wailesi ya kumudzi singathe kupereka. Sangadzudzulidwe pa zimenezo. Zotsatira zake n'zakuti ophunzitsidwa aunjikana m'mizinda itatu kapena inayi, pamene maikolofoni a m'maboma ali m'manja mwa anthu amene sanapatsidwe mwayi wophunzira.

Kukula kwa wailesi za m'madera ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zasintha m'dziko muno chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Kwa zaka 30 kuchokera mu 1964, wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Malamulo aakulu a 1994 anateteza ufulu wa atolankhani m'gawo 36, ndipo lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linabweretsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, wailesi ya Dzimwe inayamba ku Monkey Bay mothandizidwa ndi UNESCO ndi bungwe la amayi atolankhani. Pambuyo pake zinabwera za Nkhotakota, Mzimba, Mudziwathu ku Mchinji, Chirundu ku Nkhata Bay, Bembeke ku Dedza, Mzati ku Mulanje, Gaka ku Nsanje, Neno ndi zina zambiri, osawerengera za mipingo ndi zipembedzo. Wailesi zimenezi ndizo zimalengeza za maliro, za tsiku la sikelo, za mtengo wa nandolo pamsika ndi za mlatho umene wakokoloka. Zambiri zimayenda ndi achinyamata ongodzipereka, amene amalandira kangachepe kapena osalandira kanthu. Maphunziro amene amapeza amakhala a masiku atatu kapena asanu, okonzedwa ndi bungwe limene lili ndi uthenga wake woti ufalitsidwe, lero za nyengo, mawa za katemera. Maphunziro otere amaphunzitsa mutu wa nkhani, koma saphunzitsa ntchito.

Wina angaganize kuti vutoli ndi laling'ono, longokhudza kukoma kwa mapulogalamu. Zimene zachitika m'zaka zapitazi zikukana. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa. Mu 2022 ndi 2023, kolera inapha anthu oposa 1,700, ndipo m'madera ena azaumoyo anakumana ndi chidani chochokera ku mabodza okhudza malo olandirira chithandizo. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi kuchigawo chakummwera. Pa nthawi ngati zimenezi, munthu amene wakhala kuseri kwa maikolofoni pa wailesi ya m'deralo amakhala ndi mphamvu yoposa ya nduna. Ngati anaphunzitsidwa, amadziwa kuti mawu a womvera amene waimba foni ali ndi mantha si umboni, amadziwa woti amufunse kupolisi, kuchipatala ndi ku nthambi yoona zanyengo, ndipo amadziwa kusandutsa chenjezo la mamilimita a mvula kukhala mawu omveka akuti anthu a m'mbali mwa mtsinje wakuti asamuke dzuwa lisanalowe. Ngati sanaphunzitsidwe, angathe kubwereza pa mphepo uthenga umene walandira pa WhatsApp, ndipo ukatuluka pa wailesi anthu amautenga ngati choonadi.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo yopweteka koposa. Maphunziro a utolankhani m'dziko muno amachitika m'Chingerezi, mayeso amalembedwa m'Chingerezi, ndipo luso la wophunzira limayezedwa ndi mmene akulembera Chingerezi. Koma omvera ambiri amamva nkhani m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde. Chotsatira chake chimamveka tsiku lililonse: nkhani imalembedwa m'Chingerezi, kenako wina amaitembenuza mothamanga mphindi zochepa isanawerengedwe, ndipo chimene chimatuluka ndi mawu a Chichewa oyenda ndi miyendo ya Chingerezi. Nkhani za bajeti, za chiwongoladzanja, za chigamulo cha khoti ndi za matenda zimafika kwa mlimi zitasanduka phala. Kulemba nkhani m'chilankhulo cha kwanu ndi luso lofuna kuphunzitsidwa mwapadera. Kulankhula Chiyao chibadwire sikupangitsa munthu kudziwa kufotokoza m'Chiyao chifukwa chimene mtengo wa feteleza wakwerera ndalama ya kwacha itagwa mphamvu. Masamba a Tamvani ndi Tikambe, nyuzipepala za Fuko ndi Boma Lathu, ndi ntchito ya Centre for Language Studies ku Zomba zikuonetsa kuti maziko alipo. Chosowa ndi kalasi imene wophunzira amalemba, kuwerenga ndi kuyesedwa m'chilankhulo chimene adzagwiritse ntchito. Koleji ya ku Mangochi ingathe kuchita zimenezi m'Chiyao ndipo ya ku Rumphi m'Chitumbuka mosavuta kuposa yunivesite imene imasonkhanitsa ophunzira a zilankhulo zonse m'chipinda chimodzi.

Maphunziro oyenera a zaka ziwiri sangakhale a zipangizo zokha. Pambali pa kujambula, kudula mawu, kuyendetsa mikisa ndi kukonza kanema wa pafoni, wophunzira ayenera kudziwa malamulo amene adzakumane nawo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku boma linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, koma lamuloli n'lopanda phindu kwa mtolankhani amene sadziwa kulemba kalata yopempha zikalata za khonsolo. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za misonkho ya m'misika ndi zomangira zipinda zophunzirira zimadutsa m'makhonsolo, kutali ndi maso a nyuzipepala za ku Blantyre ndi Lilongwe. Munthu wa m'boma lomwelo, wodziwa kuwerenga bajeti ya khonsolo ndi kuiyerekeza ndi chimene chamangidwa, ndiye angafunse funso loyenera. Ayeneranso kudziwa za kuipitsa mbiri ya munthu, za lamulo la 2016 loona za pa intaneti limene lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba zawo, za kubisa dzina la mwana amene wachitiridwa nkhanza, ndi za kupatsa mbali zonse mpata pa nthawi ya zisankho. Wosadziwa zimenezi amaika pachiswe moyo wake, wailesi yake ndi anthu amene akuwatchula.

Palinso chipondamthengo, ndalama imene wokonza msonkhano amapatsa mtolankhani kuti nkhani ituluke. Aliyense m'ntchitoyi amachidziwa. Kulalikira za makhalidwe abwino kwa munthu amene alibe ndalama yokwerera kabaza n'kulemba m'madzi. Choncho maphunzirowa ayenera kukhala ndi gawo la bizinesi: kusaka otsatsa malonda pakati pa eni magolosale ndi ogulitsa zipangizo zaulimi, kuika mtengo pa mphindi za pawailesi, kusunga mabuku a ndalama, ndi kulemba mgwirizano umene umasiyanitsa pulogalamu yolipiridwa ndi nkhani. Mu 2022, MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole za msonkho wa chiphaso. Mkangano wa kukwera kwa msonkhowo ndi woona ndipo uyenera kupitirira, komabe chochitikacho chinaonetsa kuti wailesi imafa ndi kusowa ndalama msanga kuposa mmene imafera ndi kusowa luso la pamphepo.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi yamphamvu: ntchito za utolankhani n'zochepa, malipiro ndi otsika, ndipo a madigiri omwe akuyenda ndi makalata m'manja. Ngakhale ku America komweko, nyuzipepala zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zatsekedwa chiyambire 2005. Kuphunzitsa achinyamata ena, iwo amati, n'kuwonjezera chiwerengero cha malova. Mfundoyi ikanakhala yoona ngati cholinga chikanakhala kutumiza anthu ambiri kukagogoda pa zitseko za Times, Nation, Zodiak ndi MBC. Koma ambiri mwa amene angaphunzire ali kale pa ntchito m'wailesi za m'madera, ndipo chimene akusowa ndi luso ndi pepala lotsimikiza lusolo. Kuwonjezera apo, wodziwa kamera ndi mawu sadalira kulembedwa ntchito. Maukwati, zinkhoswe, ziliza, makwaya a mipingo, oimba achinyamata, masukulu ndi mabungwe onse amafuna wojambula, ndipo m'maboma ambiri amachita kuitanitsa munthu wochokera m'tauni kapena kulandira ntchito yosalongosoka. Telala wotuluka m'koleji ya m'dera sayembekezera fakitale ya zovala, ndipo palibe amene amanena kuti kusoka kusiye kuphunzitsidwa chifukwa mafakitale a nsalu ndi ochepa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti satifiketi ya zaka ziwiri idzatsitsa ulemu wa ntchitoyi. Oganiza motere amayerekeza wa satifiketi ndi wa digiri, pamene kuyerekeza koona n'kwa wa satifiketi ndi amene sanaphunzirepo konse, chifukwa ndiye ali pa maikolofoni lero. Digiri ili ndi malo ake: kufufuza nkhani zakuya za katangale, kusanthula chuma, kuphunzitsa ena ndi kuchita kafukufuku zimafuna maphunziro aatali. Chimene chingateteze ulemu wa ntchitoyi ndi makwerero omveka bwino, oti amene wakhoza bwino ku koleji ya m'dera athe kulowa dipuloma, ndipo wa dipuloma athe kulowa digiri, zimene anaphunzira kale zikuwerengedwa. Mphamvu ya makoleji a ku America yagona pamenepa, ndipo ndi gawo limene dziko lino liyenera kutengera mosazengereza. Popanda makwererowa, koleji ya m'dera imasanduka malo otayirako amene alephera kwina, ndipo makolo amaizindikira msanga sukulu yotero.

Mfundo yachitatu ndi ya ndalama ndi aphunzitsi. Makoleji ambiri a m'maboma akuvutika kale ndi kusowa zipangizo, malo ogona ndi alangizi okwanira, ndipo ena anayambira m'nyumba zakale zongokonzedwanso. Zimenezi n'zoona, koma situdiyo yophunzitsira wailesi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi shopu ya makina owotcherera kapena opala matabwa. Chipinda chimodzi chotchingidwa bwino kuti mawu asamabwerere, makompyuta ochepa, maikolofoni, mikisa yaing'ono, mafoni okhala ndi kamera yabwino ndi magetsi a sola n'zokwanira kuyambira. Pulogalamu ya Audacity yodulira mawu ndi yaulere. Chachikulu n'chakuti situdiyo yeniyeni ilipo kale pa wailesi ya m'deralo, ndipo mgwirizano wolembedwa pakati pa koleji ndi wailesi ungapatse ophunzira malo oyeserera ntchito, wailesi n'kupeza manja owonjezera. Aphunzitsi nawo sakusowa. Dziko lino lili ndi akonzi, aulutsi ndi amisiri a zamawu amene anapuma kapena kuchotsedwa ntchito atagwira zaka zambiri, ndipo ambiri anabwerera kumaboma kwawo. Lamulo lofuna digiri kwa mphunzitsi aliyense lisatseke khomo kwa munthu amene wakonza nkhani kwa zaka 25.

Choopsa chenicheni chili pa ndale, ndipo otsutsa sachitchula kawirikawiri. Makoleji a m'madera ndi a boma, ndipo mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti chipani chilichonse cholamula chimalakalaka maikolofoni. Madandaulo akuti wailesi ya boma imakondera olamula amveka pansi pa maboma osiyanasiyana chiyambire 1994. Maphunziro a utolankhani oyendetsedwa ndi unduna okhaokha angathe kusanduka sukulu ya oimba nyimbo zotamanda, kumene wophunzira amaphunzitsidwa kuti nkhani ndi zimene bwanamkubwa kapena phungu wanena potsegulira mjigo. Chitetezo chake n'chakuti silabasi ndi mayeso zikonzedwe pamodzi ndi Media Council of Malawi, MISA Malawi ndi sukulu zimene zikuphunzitsa kale ntchitoyi, ndipo oyesa ophunzira achokere kunja kwa koleji. Nkhani zimene ophunzira akonza zikhale m'manja mwa mkonzi wa wailesi, osati mkulu wa koleji kapena ofesi ya boma.

Poyambira sipafunika maboma onse 28 nthawi imodzi. Makoleji atatu kapena anayi, osankhidwa chifukwa ali pafupi ndi wailesi ya m'dera yokhazikika ndiponso akuimira zilankhulo zosiyana, ndi okwanira kuyesera kwa zaka ziwiri. Malo oyamba apatsidwe kwa amene akugwira kale ntchito mongodzipereka, ndipo makalasi akonzedwe moti asasiye mapulogalamu awo. Theka la malowo likhale la atsikana, popeza nkhani za uchembere, za maukwati a ana ndi za nkhanza za m'banja amayi amazikamba momasuka kwa mayi mnzawo. TEVETA ili ndi njira yovomerezera luso limene munthu anaphunzira pa ntchito, ndipo njirayo ingathandize muulutsi wa zaka zambiri kuti asayambire pansi. Ndalama zingachokere ku msonkho wa 1 peresenti umene olemba anthu ntchito amapereka ku TEVETA, womwe nyumba zofalitsa nkhani nazo zimayenera kulipira, ndi ku thumba la MACRA lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera osafikirika, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lina la 2016. Pakutha pa zaka ziwirizo, oyesa adzamvetsere nkhani za pa wailesizo, aziyerekeze ndi zimene zinkaulutsidwa maphunziro asanayambe, awerenge omaliza amene akupeza ndalama ndi luso lawo, ndipo zotsatirazo ndizo zigamule ngati maphunzirowa afalikire ku maboma otsala.